Sokosi ya Chipatala pa Bondo la Adadi

Nkhani imene inali m'kamwa mwa aliyense m'nyumba yathu yosanja ija inali yoti adadi anga akunamizira kutsimphina. Eti bondo lawo linapola kalekale, ndodo ija ndi yongophimba nayo anthu m'maso, akatseka chitseko amayenda ngati mnyamata wa mpira. Wina anafika ponena kuti anawaona pawindo akuvina. Adadi anga, kuvina! Munthu amene ngakhale pa ukwati wawo omwe, malinga ndi amayi, anangoima chilili ngati mtengo wa magetsi.

Ankanong'onezana pa masitepe, pa zingwe zoyanika zovala, pa mpopi wa kuseri. Ine ndikangotulukira, nkhani imasintha, onse ayamba kudandaula za dzuwa. Zinandiwawa kawiri. Koyamba chifukwa ndi adadi anga. Kachiwiri chifukwa pamalo pano nkhani iliyonse imayamba yandipatsa moni ine isanapite kwina, mpaka anandipatsa dzina loti Wailesi. Ndiye iyi yokha inandilambalala bwanji?

Koma ndiyambe poyambira, mungasokonezeke ngati mmene ndasokonezekera ine.

Adadi ndi opaka penti, anthu amangowatchula kuti a Penti. Osati tinyumba ting'onoting'ono ayi, koma nyumba zitalizitali zija zoti ukayang'ana nsonga yake chipewa chimagwa. Tsiku lina anaterereka pa makwerero. Sanagwe kuchokera patali, koma mwendo unatsalira pakati pa zitsulo thupi likupita pansi. Anawachita opaleshoni, anakhala masabata angapo mwendo uli chiwongokere, ndipo atawamasula bondo linali lotupa ngati mpira, ntchafu itaonda ngati yanga. Kupinda linkakana.

A Kapitawo, amene amayang'anira gulu la adadi kuntchito, anabwera kudzawaona ndi malalanje m'jumbo.

"Malo anu ndikusungirani, a Penti," anatero. "Mukangochira, burashi yanu mudzaipeza pomwe munaisiya."

Kuchipatala kuli mayi wina amene ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu akuluakulu kuyendanso. Ife timawatchula Adokotala a Mawondo. Amenewo ndi amene anabweretsa sokosi ija m'banja mwathu. Ine ndinalipo, ndinanyamula chikwama cha adadi, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva.

Inali sokosi yotuwa yopanda phazi, yotanuka ngati lastiki ya siketi, yovala pabondo pokha. Pamwamba pake, kuchoka pantchafu kudutsa pabondo penipeni mpaka kumunsi, panali kamzere kakuda kopyapyala ngati riboni. M'mbali munali kabokosi konga ka machesi kokhala ndi kagetsi kophethira. Adokotala anati kamzereko ndi labala wosakaniza ndi zinthu zodutsa magetsi. Bondo likapinda kamatanuka, kakatanuka magetsi amadutsa movutikira, kabokosi kamamva zimenezo n'kuuza foni, foni n'kuuza kompyuta ya kuchipatala. Ine sukulu ndinasiya tisanafike pa za magetsi, ndiye ndinangogwirapo chimodzi: chilichonse chimene bondo lachita, sokosi ikanena.

"Wapeza m'bale wako, Wailesi," adadi anatero. Adokotala anaseka mpaka kugwira tebulo.

Pafoni pankabwera nambala. Mwendo ukawongoka, ziro. Ukapinda, nambala imakwera. Adokotala anati munthu wokwera makwerero afunika 110, osachepera. Adadi anapinda mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, foni inati 55.

Ndiye inayamba ntchito. M'mawa, masana, madzulo, adadi pampando wa pabalaza, thaulo atakoleka kuphazi, kukoka, thukuta kuchita kuyenderera m'makutu. 55, 58, 61. Anafika pa 63 n'kuima pomwepo sabata yathunthu, ngati basi yotha mafuta.

Tsopano mumve za amayi. Amayi anga ndi telala, makina awo ali pawindo la pabalaza pomwepo. Ndipo ali ndi matenda amodzi: sapirira kuona chovala chokhwepa. Amalume anabwera ulendo wina n'kukoleka jekete pampando, pomwe ankamaliza tiyi n'kuti jekete litabwezedwa kale m'mapewa. Ine yunifolomu yanga inkabwezedwa mwezi ndi mwezi mpaka ndinkapuma ndi chilolezo. Amati munthu wovala zokhwepa amanyozetsa mkazi wa m'nyumbamo.

Chotupa cha adadi chitaphwa, sokosi inayamba kutsetsereka. Akaima, iyo ili pa akakolo. Amakhalira kuikweza ngati mwana wa sukulu pa asembule. Amayi ankayang'ana, n'kuyang'ana kumbali, n'kuyang'ananso, zala zikuwayabwa.

Tsiku lina masana adadi ali kubafa, sokosi anaisiya pampando. Amayi anainyamula ndi zala ziwiri.

"Anthu ophunzira, koma kuyeza sadziwa," anatero. "Tandipatsa tepi, iwe."

Anabweza m'mbali monse muwiri. Kenako anaona kuti kamzere kakuda kaja kachita makwinya, ndiye anakakoka mpaka kuwongoka bwinobwino, n'kukakhomerera ndi ulusi wotuwa kumtunda ndi kumunsi. Madzi kubafa asanasiye kuthira, ntchito inali itatha.

"Usawauze adadi ako. Amati za chipatala sitigwira."

Ndipo ine, Wailesi yemweyu, sindinauze munthu. Osati chifukwa chosunga chinsinsi ayi. Ndinangoiwala. Amayi kubweza chovala ndi nkhani imeneyo? Ungakauze ndani kuti dzuwa latuluka?

Adadi anavala, anati, "Lero yandigwira bwino," basi. Madzulo ake anakhala pampando, anakoka thaulo monga mwa masiku onse, foni inalira kuti ting! 104.

Anayang'ana foni. Anayang'ana bondo. Anayang'ananso foni.

"Mayi a mwana, tabwerani muone. Kapena ndi maso anga?"

M'mawa mwake 109. Tsiku linalo 112, foni yonse inasanduka yobiriwira, tinyenyezi tikugwa ngati mvula, ndi mawu akuti mwachita bwino kwambiri. Amayi anaombera m'manja. Ine ndinalumpha. Koma bondo, kunena zoona, kuliyang'ana ndi maso linkapinda chimodzimodzi ngati dzana. Ndinaona, koma ndinati ndine ndani ine wotsutsana ndi kompyuta?

Chinanso chimene chinatizunguza mutu ndi ichi. Adadi akagona chagada pa sofa, mwendo uli njo ngati thabwa, foni inkati 45, n'kulemba kuti wongolani mwendo wanu.

"Ndiwongole chiyaninso?" adadi ankakalipira foni. "Ukufuna upindikire kutsogolo ngati wa nkhuku?"

Anaimba kuchipatala, anayankha munthu wina wa muofesi. Anati Adokotala a Mawondo apita ku maphunziro, abwera Lolemba la sabata ya mawa, koma pakompyuta dzina la adadi likuoneka lobiriwira, ndiye palibe chodandaula.

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula. Tsiku la tinyenyezi lija ndinatsika masitepe awiriawiri kukapeza mnzanga Ndolo. Timamutchula choncho chifukwa ndolo imodzi inatayika chaka chatha ndipo inayo akuivalabe. Ndinamuuza kuti, "Mwali, adadi achira! Foni yati bondo lawo likupinda ngati la mwana." Ndinanena mokondwa, Mulungu ndi mboni. Koma amayi ake a Ndolo ali ndi saluni pakona, ndipo akazi a Kapitawo amamangitsa tsitsi komweko Lachitatu lililonse. Nkhani inalowa m'saluni ili "achira", inatuluka ili "anachira kalekale akungodya za ulele". Ndinatha masiku atatu ndikufufuza kuti wayambitsa bodzali ndani kuti ndikamulalatire. Ndolo ndi amene anandiuza tili pampopi.

"Iwe, ukufunafuna ndani? Si iwe wemwe unabwera ukuthamanga?"

Madzi anasefukira m'ndowa ine osaona n'komwe.

Lachisanu madzulo a Kapitawo anabweranso, ulendo uno opanda malalanje. Anakana mpando, anakana tiyi.

"A Penti, ine ndi inu tagwira ntchito zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi, bwana."

"Ndiye musandichititse manyazi. Ndikumva zinthu. Eni nyumba akundikhalira pakhosi kuti khoma lithe, anyamata atatu akugwira ntchito ya anthu anayi, inu muli pano eti mukuvina."

"Ine kuvina, bwana? Onani ndodo iyi."

"Ndodo ndi mtengo, aliyense angathe kutola. Akuti muli ndi makina onena zoona. Tiyeni tione."

Adadi anakhala pampando. Anakoka mwendo, mano atalumana. Ting! 113. Tinyenyezi tija tinayamba kugwa pamaso pa a Kapitawo.

"Adokotala anati zingati?"

"110," adadi anayankha motsitsa.

"Ndiye yapitirira ndi zitatu. Munthu amanama, a Penti, foni sinama. Lolemba seveni koloko. Mukapanda kubwera, mlamu wanga akufuna malo, ndipo burashi amaidziwa."

A Kapitawo anatuluka. Amayi anapondaponda makina opanda nsalu. Adadi anakhala nthawi yaitali akusisita bondo.

"Mayi a mwana," anatero, "kodi mwina ndine waulesi osadziwa? Amati ululu wina umakhala m'mutu. Mwina bondoli linachira, wamantha ndine."

Mawu amenewo anandilasa. Adadi anga amene amadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira, akufunsa ngati ndi aulesi chifukwa foni yawaonetsa nyenyezi.

Loweruka m'mawa anaika ndodo kuseri kwa chitseko n'kutsika masitepe onse khumi ndi atatu opanda chogwirira, anthu akuona. Ine ndinali pambuyo pawo, ndinkamva mmene ankapumira. Koma azimayi a pazingwe anangokodolana ndi zigongono: mwaona, si uyo akuyenda?

Anapita kwa a Mlonda kukabwereka makwerero okonzera magetsi a pakhonde, anawatsamiritsa pakhoma la kuseri.

"Gwira apa, Wailesi. Usasiye olo uone ndewu."

Anakwera sitepe yoyamba ndi mwendo wabwino, n'kukoka winawo. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu. Pa yachinayi anaima, anayang'ana anthu, anamwetulira pang'ono. Kenako anati atsike.

Abale, ine sindinkadziwa kuti kutsika ndi kumene kumafuna bondo. Anatsitsa mwendo wabwino, wodwalawo unayenera kupinda kuti uwanyamule, ndiye unakana. Anabweza. Anayesa kuyamba ndi wodwalawo, utangogunda chitsulo anabuula ngati wapondedwa ndi galimoto. Anakumbatira makwerero ndi manja onse, chipumi pachitsulo, ndipo makwerero ankanjenjemera m'manja mwanga. Foni m'thumba mwawo inati ting!

Sitepe yachinayi, anthuni. Mwana wa zaka zisanu amadumpha pamenepo. Kuntchito kwawo amakwera masitepe makumi awiri, chitini cha penti chili m'dzanja.

Bondo lawo linali pamphuno panga penipeni, kabudula atakwinyika. Ndinaona sokosi, ndinaona kamzere kakuda katakokeka kuti nga ngati chingwe cha gitala, ndipo kumapeto kwake ndinaona timfundo tating'onoting'ono ta ulusi wotuwa, tondondozana bwino ngati mano a mwana. Kusoka kotero m'dera lonse lino ndi kwa munthu mmodzi. M'mutu mwanga munamveka mawu a Adokotala: kakatanuka, kabokosi kamamva.

Pakamwa panga panatseguka kuti nditchule amayi, azimayi onse a pazingwe ali pomwepo makutu ali tcheru. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangokuwa kuti, "A Mlonda, thandizeni!"

A Mlonda anawatsitsa adadi chobereka. Pokwera masitepe kubwerera m'nyumba anawagwira mbali iyi, ine mbali iyo. Wina kumbuyo anati, "Koma bamboyu amatha sewero." Sindinacheuke n'komwe.

Titatseka chitseko ndinati, "Adadi, tavulani sokosiyo."

"Iwe, ino si nthawi yamasewera."

"Tangovulani."

Anavula. Ndinaiyala patebulo pafupi ndi foni, ndinagwira uku ndi uku, n'kukoka. Ting! 130. M'kati mwake mulibe mwendo, mulibe bondo, muli mphepo yokha. Tinyenyezi tinagwa.

"Yachira ndi sokosi, adadi," ndinatero. "Inu ayi."

Amayi anali ataima ndi sizasi m'manja. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana sokosi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumvetsa pang'onopang'ono.

"Inkagwa," anatero. "Bambo a mwana, inkangogwa. Mukanayenda bwanji pagulu sokosi ili pa akakolo ngati wamisala? Ine ndinangobweza pang'ono."

"Munabweza."

"Pang'ono pokha. Ndi kamzereko kanali ndi makwinya."

Ndinkadikira kuti adadi akalipe, kuti mwina mbale ziuluke. Ayi ndithu. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano, n'kunena kuti, "Ndiye sindine waulesi." Kenako anaphimba nkhope ndi thaulo lija. Amayi anakalowa kuchipinda. Ine ndinatsala ndi sokosi m'manja, osadziwa kuti ndikapepese uti, ndiponso kuti nkhaniyi ndi yabwino kapena yoipa.

Lolemba seveni koloko, m'malo mopita kuntchito, tonse atatu tinali pabenchi ya kuchipatala. Adokotala a Mawondo anali atabwerako. Anatulutsa rula yapulasitiki yokhala ndi miyendo iwiri ngati sizasi, anaika pabondo la adadi, anati pindani. Inati 66.

Amayi anafotokoza okha, maso ali pansi. Adokotala anatembenuza sokosi, anayendetsa chala pa ulusi uja.

"Mayi, kusoka mumatha. Mwamuna wanga akanakhala ndi telala ngati inu bwenzi akuoneka ngati munthu." Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya adadi anasiya. "Kamzereka kamayeza kutanuka basi, sikaona bondo. Inu munakatanula kale musanaveke munthu, ndiye mwendo uli chiwongokere iko kakuganiza kuti wapinda theka. Nafenso talakwa. Masiku khumi kompyuta ikunena kuti mwendo wa bamboyu sunawongokepo olo kamodzi, anthu anga amangoona zobiriwira. Amaganiza kuti mumagona mutanyonyomala?"

Singano ya amayi inali itaboola kamzere kumapeto, ndiye sokosiyo inali yotha ntchito. Anatipatsa ina yocheperapo, anaiyeza pa mwendo wa adadi limodzi ndi rula ija mpaka nambala zinagwirizana. Analemba kalata yoti adadi afunika masabata ena asanu ndi imodzi, ndipo asayandikire makwerero.

"Ikakhwepa mubwere nayo kuno," anawauza amayi. "Musaikonde kwambiri."

Amayi analumbira pomwepo, dzanja pamtima, kuti sadzaigwiranso ngakhale pochapa.

Kuchoka apo amayi anabwerera kunyumba, ine ndinaperekeza adadi kuntchito kwawo ndi kalata. Nyumba yake ndi ya nsanjika zisanu, theka yoyera theka yotuwa. Pamwamba penipeni panali munthu wachilendo atavala ovolosi yatsopano, akupaka ndi burashi ya adadi ija ya chogwirira chofiira. Adadi anaiyang'ana burashiyo nthawi yaitali.

A Kapitawo anawerenga kalata kawiri, milomo ikuyenda.

"Pepala likuti 66. Foni inati 113, ndinaona ndi maso angawa. Ndimve ziti, a Penti?"

Ine mawu anali atafika kale pammero. Ndikanangoti amayi anabweza sokosi, basi, zonse zikanamveka. Koma adadi anandiponda chala ndi ndodo.

"Makina analakwitsa, bwana. Atipatsa ena."

"Makina analakwitsa. Nanga adokotala salakwitsa? Mwina mwawalirira kuti akuwonjezereni tchuthi." Anapinda kalata n'kuika m'thumba la shati. "Masabata asanu ndi imodzi sindingathe. Ndikupatsani awiri, chifukwa cha zaka zija. Lolemba lachiwiri mubwere ndi makina anu atsopanowo, mupinde ine ndikuona. Ikafika 110, mlamu wanga atsika, inu mukwera. Ikapanda kufika, tisadane."

Panjira ndinafunsa kuti bwanji sananene zoona.

"Kuti mawa saluni yonse iziseka amayi ako? Telala amene anapusitsa chipatala? Ndani angabweretsenso nsalu yake?" Anaima kuti apume. "Ndipo iwe, nkhani iyi ikatuluka, ndidziwa wailesi yake."

Ndiye ndakhala nayo masabata awiri. Simungamvetse mmene zimawawira. Nkhani yokoma chonchi, ya sokosi yochira yokha patebulo, ili m'mimba mwanga ngati mwala. Ndolo wandinyengerera ndi chingamu, wandinyengerera ndi nkhani ya mwana wa a Mlonda ndi woyendetsa takisi, ine kungoti kulibe nkhani. Akuti ndayamba kunyada. Pa masitepe anthu agawanika: ena akuti adadi ananamizira kudwala, ena akuti ananamizira kuchira, ndipo mayi wina wa pamwamba akuti zonse ziwiri. Ine amene ndikudziwa zoona ndimangodutsa ngati wosalankhula.

Adadi akoka thaulo masabata awiriwa ngati akukoka galimoto m'matope. Kanayi patsiku, kasanu, mpaka Adokotala anaimba kuwauza kuti achepetse, bondo si chitseko choti ungachikankhe ndi phewa. 66, 70, 74. Dzulo 79. Adokotala akuti ndi bwino kwambiri, tikuyenda. Koma 79 si 110, ngakhale ine wothawa masamu ndikudziwa.

Lero ndi Lamlungu. Masana amayi ananyamula diresi ya kasitomala kukapereka kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo kumeneko akafika sabwerako msanga. Chitseko chitangotsekeka adadi anandiitana. Sanati Wailesi.

"Mwana wanga, tabwera ukhale apa."

Anavula sokosi yatsopano ija n'kuiika pamiyendo panga.

"Amayi ako anakuphunzitsa kusoka pamanja, eti?"

"Mabatani okha, adadi. Ndi mipendero."

"N'zokwana. Usaboole kamzereko, wamva mmene ananenera adokotala. Ungotsina nsalu kumtunda kwake, apa, uipinde pang'ono, timfundo tinayi. Mawa ndikamuonetsa Kapitawo, ikalira, ndikalowa kuseri n'kudula ulusi ndi lezala. Mphindi khumi zokha. Kuchipatala adzati foni inasokonezeka."

"Nanga akati kwerani?"

"Ndikwera."

"Nanga kutsika?"

Anasisita bondo.

"Ndiyamba ndi makoma a pansi. Ndimuuza kuti ndizolowere kaye. Sabata imodzi, masabata awiri, bondo lidzandipeza ndili pantchito."

"Makoma a pansi anatha, adadi. Tinaona tonse. Kwatsala kumwamba."

"Iwe, ndakutuma kuti undiphunzitse ntchito yanga?" Anakweza mawu, kenako anawatsitsanso. "Tamvera. Ndili ndi zaka makumi asanu. Malo amenewa akapita, ndani adzalembe nkhalamba yotsimphina, yoti mbiri yake ndi yonamizira matenda? Ndidzakhala pampando uwu mpaka liti, amayi ako akupalasa makina okha, ine ndikuwerenga tinyenyezi? Amayi ako analumbira, sindingawapemphe. Ndatsala ndi iwe."

Sanandipemphepo kanthu adadi chibadwire changa, kupatula kuti nditseke pakamwa. Lero akundipempha ndi maso ofiira, manja awo okhala ndi penti m'zikhadabo imene sinachokebe miyezi itatu yonseyi ali pa mawondo anga.

Ndinati ndikaganize kaye, n'kubwera kuno kuchipinda. Kabokosi ka singano ka amayi kali pawindo, ulusi wotuwa ulimo, ndauona. Sokosi ili apa pabedi, kagetsi kake kakuphethira. Ndikasoka, mawa adadi apeza ntchito yawo, ndipo mkuja akhala pa nsanjika yachisanu ndi bondo limene linawakanika pa sitepe yachinayi ine nditagwira makwerero. Ndikakana, burashi yofiira ija yapita, ndipo aziti mwana amene anayambitsa mphekesera ndi yemwenso anawamana timfundo tinayi. Ndikauza amayi, ndaulula chinsinsi cha adadi. Ndikauza a Kapitawo zoona zake, ndagulitsa amayi ku saluni. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti nkhani iyi ndikauza uje, iyi ndikauza uje, koma iyi yokha kulikonse kumene ndingaipititse ikuluma munthu wa m'nyumba mwathu.

Adadi akutsokomola pabalaza, kutsokomola kondikumbutsa. Amayi akhoza kutulukira nthawi iliyonse, ndimva nsapato zawo pa masitepe.

Ndiye tandiuzani inu, poti mwamva zonse ndipo simukhala m'nyumba yathu: mukanakhala ine, ulusiwu mukanaulowetsa pa singano?